Mbewu iliyonse ili ndi kwawo

Abale anga a kuno ku Dedza, ndi inu muli ku tauni, Juni wayandikira ndipo makasu alowa kale m'madimba. Lero tikambe za mbiri ya mbewu zathu, chifukwa zambiri zimene timati ndi zathu zinabwera ngati alendo, ndipo iliyonse inakhazikika pomwe nyengo inailola.

Chakudya cha makolo athu akalekale chinali mapira, mawere, khobwe ndi nzama. Chimanga, chinangwa ndi mbatata ya kholowa kwawo ndi ku America, zinaoloka nyanja ndi amalonda a Chipwitikizi. Lero mapira akadali ndi mphamvu ku Chikwawa ndi Nsanje chifukwa amapirira dzuwa. Chinangwa chinakonda mchenga wa ku Nkhotakota ndi Nkhata Bay.

Nanga kachewere amene timanyadira pa Bembeke ndi pa Lizulu? Kwawo ndi kumapiri a Andes, ku Peru ndi Bolivia, komwe usiku kumazizira kwambiri. Azungu anamutengera ku Ulaya m'zaka za m'ma 1500. Anthu a ku Ireland anamudalira kwambiri moti matenda atagwira mbewuyi mu 1845 kunagwa njala yoopsa. Dzina loti Irish likuchokera kumeneko. Kuno anafika ndi azungu, ndipo anakhazikika kumtunda: Dedza, Ntcheu, Tsangano, Neno, mpaka ku Angonia kwa anansi athu a ku Mozambique. Chifukwa chake n'chakuti kachewere amaika pansi nthaka ikakhala yozizira. Pamalo potentha amangochita masamba, mukakumba mupeza timbatata ngati mazira a njiwa. Boma la Dedza lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, pomwe Nsanje sakwana ngakhale mamita 100. Ndi dziko limodzi, koma dimba la kuno si dimba la kumeneko.

Ngakhale azunguwo anaphunzira moyesa. Mu 1878 anadzala khofi ndi tiyi pa mishoni ya Blantyre. Tiyi sanapite patali pamenepo, mpaka mu 1891 Henry Brown atamudzala ku Mulanje komwe mvula ndi yambiri. Lero onani minda ya tiyi ya Mulanje ndi Thyolo. Mbewu yomweyo, anangoisintha malo.

Tsono tibwere pa dimba lathu. Mdani wathu mu Juni ndi Julaye ndi chisanu. Chimagwa usiku wopanda mitambo, mphepo itati zii. Mpweya wozizira umatsetsereka ngati madzi n'kukakhazikika pansi penipeni pa dambo. M'mawa udzu uli mbuu, dzuwa likatuluka masamba a tomato, nyemba ndi maungu ada bii ngati mwawathira madzi owira. Kachewere yemwe, ngakhale amakonda kozizira, masamba ake chisanu chimawaotcha. N'chifukwa chake akuluakulu ankaika mbewu zanthete chakumtunda kwa dimba, n'kumanga mpanda wa udzu. Kumunsi ndi kwa kabichi, repu, mpiru, anyezi ndi nsawawa, zomwe sizitekeseka ndi kuzizira. Therere ndi mavwende dikirani kutenthe, kuyambira Seputembala. Koma mlimi wa ku Salima kapena ku Chikwawa, miyezi yomweyi ndiye nthawi yake ya tomato ndi chimanga cha mondokwa.

Inu achimwene ndi achemwali amene muli ku Lilongwe, Johannesburg kapena London, tikuthokoza kuti mumatikumbukira ndi mbewu za m'mapaketi. Koma dziwani kuti miyezi yolembedwa pa paketi ya ku England ndi ya kumeneko. Iwo kumazizira Disembala, ife Juni. Mayi akatsata zimenezo ataya fetereza, mphamvu zothirira ndi ndalama yomwe ikanalipira fizi. Musanagule, imbani foni mufunse kuti dimba lili pati, pamtunda kapena m'dambo, ndipo chisanu chimafika kapena ayi. Funsaninso alangizi a zaulimi, pajatu pa Bembeke pomwepa pali malo ofufuzira mbewu. Safunsa anadya phula.

Amene muli ndi nazale, madzulo ano muiphimbe ndi udzu, kumwamba kwayera.