Namekagon, mtsinje wotchedwa dzina la nsomba

Mayina a mitsinje amandisangalatsa chifukwa sasintha chisawawa ngati a misewu. Tengani Namekagon, kamtsinje ka kumpoto kwa dera la Wisconsin ku United States. Ndati kamtsinje poyerekeza ndi Mississippi, koma kutalika kwake ndi makilomita pafupifupi 160. Umachokera m'nyanja ya Namakagon (eya, kalembedwe kakusiyana, nyanjayo ili ndi "a" pomwe mtsinje uli ndi "e"), n'kudutsa matauni a Cable, Hayward ndi Trego, kenako n'kukathira mu St. Croix, womwenso umakathira mu Mississippi.

Dzinali ndi la anthu a mtundu wa Ojibwe. Iwo amati Namekaagong-ziibi. Name ndi nsomba yomwe Azungu amaitcha sturgeon, -kaa akutanthauza kuchuluka, -ng amagwira ntchito ngati "pa" kapena "ku" wathuyu, ndipo ziibi ndi mtsinje. Ndiye kuti: mtsinje wa pamalo pochuluka nsomba za name. Ziibi yemweyu ndi amene ali kumapeto kwa Mississippi, misi-ziibi, mtsinje waukulu.

Nsomba yake si yamasewera. Ili ndi ndevu zinayi kukamwa, zikhungwa zolimba ngati fupa pamsana ndi m'mbali, imatha kufika mamita 2 komanso kukhala zaka 100. Vuto lake n'lakuti imachedwa kuswana. Yaikazi imayamba kuikira mazira itapitirira zaka 20, ndipo siikira chaka chilichonse. Nyengo yozizira ikatha imakwera mtsinje kukafuna malo a miyala, pomwe madzi amathamanga. Mukaitsekera njira, mwadula mbadwo wonse.

Kwa a Ojibwe mtsinjewu unalinso msewu. Pafupi ndi pomwe lero pali Hayward ankatsika m'mabwato awo a makungwa, kuwasenza n'kuyenda pamtunda mpaka kunyanja zolowera ku Lac Courte Oreilles, kuchoka apo n'kulowa mumtsinje wa Chippewa. Henry Schoolcraft, wogwira ntchito ya boma la America, anadutsa njira imeneyi mu 1831.

Patangopita zaka 6, mu 1837, a Ojibwe anasaina pangano lopereka dzikoli ku boma. Chomwe boma linkafuna kwenikweni ndi mitengo ya paini. Koma atsogoleri awo anaonetsetsa kuti mwalembedwa zoti apitiriza kusaka, kuwedza ndi kukolola mpunga wam'madzi m'malo omwewo. Ine ndimaona kuti anthuwa ankaona patali kuposa momwe mabuku ambiri amawafotokozera.

Pofika m'ma 1880 Namekagon unasanduka njira yokokololera zipika kupita kumakina ochekera matabwa. Tauni ya Hayward inatenga dzina la Anthony Hayward, mkulu wa bizinesi ya matabwayo. Taonani nkhani yake: tauni yatchedwa wodula mitengo, mtsinje watchedwa nsomba, ndipo madamu a ku Hayward ndi Trego anadula njira ya nsomba yomweyo.

Mu 1968 Namekagon unalowa m'gulu la mitsinje yoyamba kutetezedwa ndi lamulo la Wild and Scenic Rivers Act, pamodzi ndi St. Croix. Koma ufulu wowedza uja boma la Wisconsin linkaukana, mpaka kumanga anthu. A Lac Courte Oreilles anakasuma, ndipo mu 1983 khoti la apilo linagamula kuti mawu a 1837 aja akugwirabe ntchito.