Mau Akuti Mpatuko

Munthu woyenda pa njira akaileka nakhotera kumbali, Acheŵa amati wapatuka. Mauŵa pa iwo okha alibe mlandu, pakuti mlendo amapatuka kuti apemphe madzi akumwa. Koma akangosanduka dzina loti "mpatuko", amalemera. Amatanthauza gulu limene lakana mwambo wa anzake, ndipo kaŵirikaŵiri amene amatchula dzinali ndi otsala pa njira aja. Nkovuta kupeza munthu wonena yekha kuti ngwampatuko.

Chodabwitsa nchakuti tsinde la mauŵa ndi lomwe lili m'mau akuti "kupatula" ndi "kupatulika". Baibulo la Chinyanja limene lidatha kumasuliridwa mu 1922 lidatchedwa Buku Lopatulika, ndiye kuti loikidwa padera chifukwa cha kuyera kwake. M'buku lomweli, pa Machitidwe 24, Paulo akuimbidwa mlandu pamaso pa Felike woti ndi mtsogoleri wa mpatuko. Mau a Chigriki amene ali pamenepo poyamba ankangotanthauza kusankha, kapena chigulu cha anthu a maganizo amodzi. Akhristu oyamba, tsono, nawonso adalandirapo dzinali.

M'dziko muno zidayamba chimodzimodzi. Mnyamata wotsata sukulu ya mishoni ankaleka gule, ndipo mtsikana ankakana chinamwali cha kumudzi. Kwa akuluakulu, ameneŵa ndiwo adali otaya mwambo. Patangopita zaka zoŵerengeka, mishoni nayo idakhala njira yaikulu, ndipo ena adayamba kupatukamo.

Mmodzi mwa oyamba adali Elliot Kamwana, Mtonga amene adaphunzira ku Livingstonia nachokako mu 1901. Atakumana ndi Joseph Booth ku Cape Town, adabwerera kwao mu 1908 ndi chiphunzitso cha Watch Tower. Masiku amenewo munthu wofuna ubatizo ku mishoni ankadikira zaka zingapo m'kalasi. Kamwana ankabatiza popanda kudikiritsa, ndipo m'miyezi yochepa anthu pafupifupi 10,000 a m'dera la Nkhata Bay adamutsata. Ankalalikanso kuti nyengo yatsopano idzafika mu 1914, ndi kuti msonkho udzatha. Apa mpamene nkhani idaleka kukhala ya mpingo wokha. Boma la atsamunda lidaona kuti wokana mwambo wa tchalitchi angathenso kukana lamulo la bwanamkubwa, choncho mu 1909 lidamchotsa m'dziko. Adaloledwa kubwerera kwao mu 1937. Dzina la Watch Tower lidasanduka "Chitawala" m'kamwa mwa anthu, ndipo lidafika mpaka ku Zambia ndi ku Congo.

Nkhani ya Yesaya Zerenji Mwasi njosiyana, ndipo mwina ndiyo yoŵaŵa kopambana. Iye adali mmodzi mwa Aafirika atatu oyamba kudzozedwa ubusa ku Livingstonia mu 1914. Adatumikira zaka 19, kenaka mu 1933 adachoka, nalemba zifukwa zake mwatsatanetsatane. Sadavomere kuti wasiya chikhulupiriro. Mfundo yake idali yakuti Mwafirika angathe kupembedza Mulungu ndi kuyendetsa mpingo popanda kuyang'aniridwa ndi mzungu. Mpingo wake adautcha Blackman's Church of God. Chaka chotsatira, mbusa mnzake Charles Chinula adayambitsa Eklesia Lanangwa, dzina la Chitumbuka lonena za ufulu. Pamene ena ankati mpatuko, eni ake ankati ufulu.

Pali chinthu chimodzi chimene amishoni a ku Livingstonia ankachidziŵa bwino. Mpingo umene udaŵatuma mu 1875, wa Free Church of Scotland, udabadwa mu 1843, pamene abusa oposa 400 adatuluka mu mpingo waukulu wa Scotland pokana kuti eni malo olemera azisankhira akhristu mbusa. Abusawo adasiya nyumba zao ndi malipiro ao, ndipo ena adayamba alalikira pabwalo kufikira atamanga matchalitchi atsopano.