Moŵa Umene Unayankha Katatu

Omvera athu, mafunde amene akufikitsa mau anga m'nyumba mwanu ali ndi ntchito inanso. Mu December 1945, Edward Purcell wa ku Harvard anaika phula la parafini pakati pa maginito amphamvu, naona kuti mitima ya maatomu a haidrojeni ikumeza mafunde a wailesi. Posakhalitsa Felix Bloch wa ku Stanford anaona zomwezo m'madzi. Aŵiriŵa analandira mphoto ya Nobel mu 1952.

Akatswiri a fizikisi ankakhulupirira kuti maatomu a mtundu umodzi amayankha mofanana kulikonse. Koma mu 1950 Proctor ndi Yu anapeza naitrojeni ikuyankha paŵiri mu ammonium nitrate, ndipo zimenezi zinasokoneza miyeso yawo. Mu 1951, ku Stanford konko, ethanol, chija chimaledzeretsa m'kachasu, anayankha katatu, popeza haidrojeni yake imakhala m'magulu atatu, ndipo maelekitironi amatchinjiriza gulu lililonse mosiyana. Amene anakondwa ndi akatswiri a kemisitiri: tsopano akanatha kuŵerenga kamangidwe ka molekyulu popanda kuiphwanya.