Ukwati ndi Buku la Boma ku Philippines

Lero sindikamba za manyowa kapena za migula ai. Nkhani yathu ichokera ku Philippines, dziko la zisumbu zoposa 7,000 ku Asia. Ife alangizi tilidziwa chifukwa cha mpunga, pakuti ku Los Baños kuli malo ofufuzira mbeu za mpunga amene anayamba m'chaka cha 1960. Koma dzikoli liri ndi mbiri inanso. Kupatula Vatican, ndilo lokha pa dziko lapansi kumene lamulo silola mwamuna ndi mkazi kusudzulana, pokhapokha akhale Asilamu. Kapena wina afunsa kuti zimenezi zimkhudza bwanji munthu wa khasu. Mverani, pakuti mlandu wa ukwati sulephera kufika kumunda.

Kale, Azungu asanafike, mudzi kumeneko unali kutchedwa barangay, ndipo mfumu yake inali datu. Mnyamata akafuna mkazi, abale ake anali kupereka chuma kwa makolo a mkaziyo, ndipo kwina iye mwini anali kuyamba wagwira nchito kwa apongozi, kutunga madzi, kuwaza nkhuni ndi kulima. Inu a chikamwini simudabwa nazo. Ukwati ukavuta unali kutha ndithu, ndipo akulu anali kuweruza za chuma chija, ngati chibwezedwe kapena ai. Wansembe wina, Juan de Plasencia, analemba za miyambo imeneyi mu 1589.

Anthu a ku Spain anakhazikika m'dzikomo kuyambira 1565 ndipo analamulira zaka zoposa 300. Ukwati unachoka m'manja mwa akulu a mudzi nulowa m'manja mwa Mpingo wa Katolika. Wansembe ndiye anali kumanga ukwati, ndiyenso anali kusunga mabuku a obatizidwa, a okwatirana ndi a akufa. Anthu odana anali kuloledwa kukhala padera, koma mfundo ya ukwati siinali kumasuka kufikira imfa.

Mabukuwo anali ndi bvuto limodzi. Anthu ambiri analibe dzina la mtundu lokhazikika, ndipo obatizidwa anali kukonda maina amodzimodzi, monga de la Cruz ndi de los Santos, kotero kuti wokhometsa msonkho sanali kudziwa kuti uyu ndi mwana wa yani. Tsono mu November 1849 Bwanamkubwa Narciso Clavería anatumiza m'zigawo buku la maina, nalamula kuti banja liri lonse lopanda dzina litengemo limodzi. Ndicho chifukwa chake anthu ambiri a ku Philippines ali ndi maina a Chispanya ngakhale alibe magazi a ku Spain, ndipo m'matauni ena maina a anthu ambiri ayamba ndi chilembo chimodzi. Mafumu amene munasungapo buku la msonkho mudziwa mutu umene Bwanamkubwayo anali kumva.

Mu 1898 dzikolo linagwa m'manja mwa America, ndipo chaka chotsatira analola kuti ukwati uzimangidwanso kwa woweruza milandu. Mu 1917 kunabwera lamulo lolola kusudzulana, koma pa chifukwa cha chigololo chokha, ndiponso wolakwayo atayamba watsutsidwa m'bwalo. Mu 1930 Boma linakhazikitsa kaundula wake wa kubadwa, ukwati ndi imfa m'tauni iri yonse. Pa nkhondo, mu 1943, ulamuliro wa Japan unachulukitsa zifukwa zosudzulirana kufika 11, koma lamulo limenelo linatha pamodzi ndi ulamulirowo. Anthu a ku Philippines atalandira ufulu mu 1946 analemba malamulo ao, amene anayamba kugwira nchito mu August 1950, ndipo m'menemo kusudzulana anakuchotseratu. Taonani kuti khomo limeneli sanatseke ndi atsamunda. Anatseka ndi eni dziko. Asilamu anapatsidwa lamulo laolao mu 1977.

Lamulo la mabanja limene lilipo tsopano analisaina ndi Pulezidenti Corazon Aquino mu 1987. Liti wokwatira akhale wa zaka 18, ndipo ngati sanakwane 21 makolo abvomereze. Chikalata chololeza ukwati chitengedwa kwa mlembi wa kaundula, amene ayamba wapachika maina a awiriwo poyera masiku 10 kuti wodziwa choletsa anene.

Nanga banja likapasuka? Bwalo likhoza kuwalola kukhala padera, koma palibe wa iwo angakwatirenso. Njira ina ndiyo kupempha bwalo kuti lifafanize ukwatiwo, ndiko kunena kuti unali ndi chilema kuyambira tsiku loyamba, monga ngati wina anakakamizidwa kapena kunyengedwa. Ambiri adzera pa ndime 36, imene iti ukwati uli chabe ngati mmodzi anali ndi mtima wosatha konse kusenza udindo wa banja. Kumenyedwa pakokha, kapena kuthawidwa, sikufafaniza ukwati. Ndipo ngakhale onse awiri agwirizane kuti alekane, bwalo silimva. Loya wa Boma akhalapo kuti aone ngati sanapangane. Mlandu wotere ufuna maloya ndipo kawirikawiri utenga zaka. Mu 2021 bwalo lalikulu linapeputsako ponena kuti umboni wa dokotala suli wokakamiza, komabe ine ndiona kuti njira imeneyi inapangidwira munthu wa ndalama, osati wobwereka munda wa mpunga.

Tsono tafika kumunda kuja. Kwa okwatirana kuyambira August 1988, ngati sanalembe pangano lina, chuma chao chikhala cha onse awiri: munda wogula, nyumba, ndi njati yolimira imene aitcha carabao. Tinene kuti mlimi analekana ndi mkazi wake zaka 20 zapitazo, ndipo akhala ndi mkazi wina amene wabala naye ana. M'buku la Boma mkazi wake akali woyamba uja. Akagulitsa munda popanda chilolezo cholembedwa cha mkaziyo kapena cha bwalo, malondawo ali chabe. Akamanga ukwati wachiwiri, wapalamula mlandu wa ndende. Akamwalira, gawo limene lamulo lisungira mwana wa mkazi wachiwiri liri theka la gawo la mwana wa m'ukwati, chinkana onse anaoka mpunga m'dambo limodzi. Ndipo amene wapambana mlandu wofafaniza ukwati ayenera kukalembetsa chiweruzocho kwa mlembi wa kaundula. Akapanda kutero, ukwati wake watsopano ukhalanso chabe.

Mu May 2024 nyumba yaing'ono ya malamulo inabvomereza kuti kusudzulana kubwerere, koma nyumba ya Senate siinaponye voti pa nkhaniyo kufikira nthawi ya aphungu amenewo inatha mu June 2025.