eduroam ku Parklands: intaneti ya ophunzira kunja kwa mpanda

eduroam ndi njira yomwe ophunzira ndi ochita kafukufuku amalowera pa Wi-Fi mwaulere paliponse pomwe yaikidwa, pogwiritsa ntchito dzina ndi mawu achinsinsi omwe anapatsidwa kuyunivesite kwawo. Anaiyambitsa mu 2002 ndi Klaas Wierenga wa bungwe la SURFnet ku Netherlands, ndipo lero ili m'maiko oposa 100. Ku Kenya imayendetsedwa ndi KENET, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1999 kuti lilumikize sukulu zaukachenjede. KENET ndi MAREN ya ku Malawi ndi pachibale, poti onse ali m'gulu la omwe anayambitsa UbuntuNet Alliance, yomwe likulu lake lili ku Lilongwe.

Dera la Parklands, kumpoto kwa pakati pa mzinda wa Nairobi, likuonetsa bwino pomwe njirayi ikuperewera. Kumeneku kuli nthambi ya University of Nairobi yophunzitsa zamalamulo, komanso chipatala cha Aga Khan University Hospital pa 3rd Parklands Avenue, chomwe chimasula madokotala. Wophunzira zamalamulo amapeza zigamulo za makhothi mwaulere pa webusaiti ya Kenya Law, koma intaneti yaulere imathera pageti. Akangotuluka kukadikira matatu (maminibasi a ku Kenya), timizere ta Wi-Fi pafoni timazima kamodzikamodzi, chigamulo chomwe amatsitsa n'kuima pakati, kenako foni n'kuyamba kudya bandulo yogula ndi ndalama ya chakudya chamadzulo. Chikhalirecho kuwerenga kwenikweni kumachitika usiku ndi Loweruka, kuhositelo ndi m'zipinda za lendi. Zimenezi zinaonekera poyera mu Marichi 2020, boma la Kenya litatseka sukulu zonse chifukwa cha Covid-19: mawaya ndi makina zinatsala m'makalasi opanda anthu, eni ake ali kwawo. Chaka chomwecho bungwe la RENU ku Uganda linayamba kuika eduroam m'malo osiyanasiyana a mumzinda wa Kampala, kunja kwa mayunivesite, ndipo ku Cape Town imapezeka m'malaibulale a mzinda. Choncho kufikitsa eduroam kunja kwa mpanda si maloto ayi.

Ena amati ntchitoyi ndi yodula. Ndalama zikufunikadi, koma gawo lovuta, lodziwa kuti wolowayo ndi ndani, linamangidwa kale. Foni ikapempha kulowa, pempholo limatumizidwa kuyunivesite ya mwini foniyo, ndipo ikavomera chitseko chimatseguka. Chotsala ndi tizipangizo tomwaza Wi-Fi ndi waya wa faiba, ndipo pomwe tilipo kale, kamodzi komweko kangathe kuulutsa dzina la eduroam pambali pa dzina lina. Boma la Kenya linalonjeza malo 25,000 a Wi-Fi yaulere m'dziko lonse. Kungakhale kuwononga kuimika malo onsewo osaganizira ophunzira. Enanso amaopa akuba a pa intaneti. Mantha awo ndi omveka pa Wi-Fi yotseguka ya m'malesitilanti, koma pa eduroam, foni ikakonzedwa moyenera, mawu achinsinsi amayenda obisika mpaka kuyunivesite, ndipo mwini malo sawaona.

Dandaulo lolemera kwambiri ndi lakuti mayi wogulitsa masamba pamsika wa City Park, yemwe naye amakhoma msonkho, sapindula kanthu ndi intaneti ya ophunzira okhaokha. Izi ndi zoona, ndipo n'chifukwa chake eduroam siyenera kulowa m'malo mwa Wi-Fi ya anthu onse; ziwirizi ziyendere limodzi pa mtengo umodzi. Komanso wophunzira amene bandulo imamupweteka kwambiri nthawi zambiri amakhala mwana wa mayi ngati yemweyo, osati wa m'nyumba yomwe muli kale faiba. A KENET, akuluakulu a mzinda wa Nairobi ndi eni mahositelo a ku Parklands akhale pansi, ayambire pamalo okwerera matatu ndi m'nyumba zogona ophunzira.