Kabokosi Kamene Kanabadwa Mwangozi

Aphunzitsi ndi ana a sukulu, kodi munamvapo gitala ya magetsi ikulira mosasa mau, monga mkango wobangula? Kabokosi kotulutsa mau amenewa kanabadwa mwangozi. Ku Nashville, m'dziko la America, makina anaonongeka pojambula nyimbo ya Marty Robbins yochedwa "Don't Worry", ndipo gitala ya Grady Martin inamveka mosasa. Nyimboyo sanaitaye ai. Inatuluka m'caka ca 1961, ndipo anthu anaikonda kwambiri. Pamenepo katswiri wa makinawo, Glenn Snoddy, anapanga kabokosi kotsanzira mauwo, kamene kampani ya Gibson inayamba kugulitsa mu 1962. Kuno kwathu, mau otere mudzawamva m'cimbale ca Amanaz cochedwa "Africa", ca 1975. Tsono inu, cinthu cikalakwika, yambani mwacimvetsera bwino musanacitaye.