Gitala ya Makatoni ya Antonio de Torres

M'nyumba yosungiramo zoimbira zakale mu mzinda wa Barcelona, ku Spain, muli gitala imodzi imene munthu wosadziwa mbiri yake angaipitirire osaiyang'ana kawiri. Thabwa lake lapamwamba ndi la mtengo weniweni, koma msana ndi mbali zake ndi za mapepala olimba omatidwa pamodzi, onga makatoni. Anaipanga mmisiri Antonio de Torres m'chaka cha 1862, ndipo sanatero chifukwa chosowa matabwa ayi. Anafuna kuonetsa anthu kumene mau a gitala amachokera.

Torres anabadwa m'chaka cha 1817 m'mudzi wa La Cañada de San Urbano, pafupi ndi Almería. Ali ndi zaka 12 anayamba kuphunzira ukalipentala m'tauni ya Vera. Mkazi wake woyamba atamwalira mu 1845, anasamukira ku Sevilla, kumene katswiri woimba gitala, Julián Arcas, anamlimbikitsa kuti kupanga magitala kukhale ntchito yake yeniyeni. Mu 1858 analandira mendulo pa chionetsero cha mu mzindawo.

Nanga luso lake linali pati? Nsambo payokha siimveka patali. Woimba akaikhudza, kunjenjemera kwake kumadzera pa kathabwa komangirirapo nsambo ndi kulowa m'thabwa lapamwamba, ndipo thabwalo ndilo limagwedeza mpweya kuti mau afike m'makutu mwathu. Apa ndiye pali vuto la mmisiri. Thabwa likakhuthala, gitala imalimba koma mau ake amakhala ogontha. Likapyapyala mopitirira, mau amatuluka koma thabwalo limapindika, pakuti nsambo zisanu ndi imodzi za masiku ano zimakoka ndi mphamvu yonga ya katundu wa makilogalamu pafupifupi 40.

Torres ankasankha mtengo wopepuka wotchedwa spruce, wachibale wa paini, naupala mpaka kukhuthala kwake kusafike mamilimita 3. Ankaupinda pang'ono ngati denga kuti ulimbe, ndipo kunsi kwake ankamata timitengo tisanu ndi tiwiri toyalidwa monga zala za dzanja lotambasula. Amisiri a ku Cádiz anali atayamba kale kuika timitengo totere, koma iye ndiye anapeza muyeso wokhazikika. Anakulitsanso thupi la gitala, ndipo pa magitala ake ambiri utali wa nsambo unali masentimita 65, muyeso umene amisiri akutsatabe mpaka lero. Gitala ya makatoni ija inali umboni wa mfundo yake, yakuti mau ali m'thabwa lapamwamba ndi m'timitengo tobisikato, osati m'mitengo yamtengo wapatali ya kumsana kapena m'zokongoletsa.

Oimba anamva kusiyana kwake. Mu 1869 mnyamata Francisco Tárrega, amene pambuyo pake anadzakhala mphunzitsi wamkulu wa gitala, anapita ku Sevilla nagula gitala ya Torres yopangidwa mu 1864, ndipo anaimba nayo zaka zochuluka. Komabe ulemu umenewu sunadzaze nkhokwe ya mmisiriyo. Cha m'ma 1870 anabwerera ku Almería natsegula sitolo ya mbale zadothi ndi magalasi. Mu 1875 anayambiranso kupanga magitala, ndipo sanalekenso kufikira imfa yake.

Atakalamba, manja ake anayamba kunjenjemera. Wansembe wachinyamata, Bambo Juan Martínez Sirvent, anakhala bwenzi lake namamthandiza pa ntchito zofuna dzanja lokhazikika. Ndi wansembeyu amene, patapita zaka zambiri, analemba zimene anaziona. Akuti tsiku lina pa chakudya ansembe anapempha Torres kuti asapite kumanda ndi chinsinsi chake. Iye anayankha kuti sangathe kuchisiyira munthu, chifukwa chinali kunsonga kwa chala chake chachikulu ndi chala cholozera, zimene zinkamuuza ngati thabwa lapalidwa mokwanira. Sikunali kumana kapena kudzikuza. Matabwa awiri, ngakhale a mtengo umodzi, safanana kulimba kwake, tsono nambala yolembedwa papepala siingalowe m'malo mwa dzanja limene lagwira matabwa zaka makumi ambiri. Apa ndi pamene gitala yopangidwa pamanja imasiyanirana ndi ya m'fakitale, kumene matabwa ambirimbiri amadulidwa pa muyeso umodzi.

Torres anamwalira pa 19 November 1892, ali ndi ngongole. Koma ntchito yake siinafe. Mu 1937 mmisiri wa ku Germany, Hermann Hauser, amene anaphunzira mosamala magitala a Torres ndi a amisiri a ku Spain otsata njira yake, anapangira Andrés Segovia gitala imene anaimba nayo m'maiko ambiri kwa zaka zoposa 20.

Akhristu anzanga, mbiri imeneyi ikutikhudza m'mabanja mwathu. Makolo athu anati chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Ambirife timaweruza ndi maso: chinthu chikawala timati ndi chabwino, ndipo mwana akasankha ntchito yamanja timaona ngati sukulu yamkanika. Komatu Ambuye Yesu anakulira m'nyumba ya Yosefe Woyera, mmisiri wa matabwa, ndipo mu 1955 Papa Pius XII anakhazikitsa 1 May kukhala chaka cha Yosefe Woyera Mmisiri, pofuna kulemekeza onse odya thukuta lao.

Luso la m'zala silisungika m'mabuku. Limachoka kwa wamkulu kupita kwa wamng'ono pokhapokha awiriwo akhala pamodzi pa ntchito, monga wansembe uja anakhalira pambali pa nkhalamba yonjenjemera manja. M'parishi mwathu muli akalipentala, osoka, oumba mbiya ndi osema ng'oma amene akukalamba popanda wowafunsa. Tikapanda kutumiza ana athu kukakhala nawo ali moyo, zimene zala zao zikudziwa tidzaziika m'manda pamodzi ndi iwo. Ndipo tikamawagula katundu, tisamawanyengerere mtengo mpaka kuwasiya m'ngongole monga anafera Torres.